Mmene mungayezere kagwiridwe ka ntchito ka antchito pa bizinesi yaying'ono

Eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amayeza antchito awo ndi maso. Amene walawirira, amene amaoneka wotanganidwa bwana akangolowa, amene saseka pa ntchito, ndiye amatchedwa wolimbikira. Koma maso amanama. Munthu akhoza kukhetsa thukuta tsiku lonse, madzulo n'kupezeka kuti palibe chogwirika chimene wamaliza, pomwe mnzake wachete wa pakona uja, amene mumamuganizira ulesi, ndiye akusenza theka la bizinesi.

Chimene tikufuna kudziwa n'chimodzi: pa ola lililonse limene mukulipira, pakutuluka ntchito yochuluka bwanji yomalizidwa bwino? Kuti muyankhe funso limeneli sipafunika pulogalamu yodula ya pakompyuta. Kope, cholembera, wotchi ya pafoni ndi milungu inayi n'zokwanira. Chitsanzo chathu chikhala shopu yosoka zovala, koma njira yake ndi yomweyo kwa kalipentala, makaniko, wokonza mafoni, wometa tsitsi kapena wosindikiza mapepala.

Gawo loyamba: sankhani chinthu choti muziwerenga

Dzifunseni kuti kasitomala amalipira chiyani kwenikweni. Kwa telala ndi chovala chimene chasokedwa n'kuperekedwa. Kwa makaniko ndi galimoto imene yatuluka m'galaja ikuyenda. Kwa wogulitsa pakauntala ndi katundu amene wagulidwa. Chinthu chimenecho ndicho muziwerenga, ndipo muziwerenga chikatha. Malaya odulidwa koma osasokedwa sanabweretse kalikonse m'thumba.

Musasankhe zinthu zambiri. Ziwiri kapena zitatu pa munthu aliyense zakwana: kuchuluka kwa ntchito, ntchito imene yabwezedwa, ndipo mwina ngati oda yatuluka pa tsiku limene munalonjeza. Mukafika pa zinthu khumi, kope lija lidzalembedwa mlungu umodzi wokha, kenako lidzasanduka choikapo kapu.

Gawo lachiwiri: auzeni antchito musanayambe

Ambiri amalumpha gawo limeneli, n'kumadabwa pambuyo pake kuti shopu yazizira. Wantchito akaona bwana akulemba mobisa m'kope uku akuyang'ana wotchi, amangoganiza chinthu chimodzi: pali wina akuchotsedwa. Mantha amenewa si achilendo. Frederick Taylor, injiniya wa ku America amene anatchukitsa zoyeza antchito ndi wotchi, njira yake itafika pa fakitale ya zida za nkhondo ya boma ku Watertown mu 1911, amisiri osungunula zitsulo ananyanyala ntchito, ndipo nkhaniyo inafika mpaka kunyumba ya malamulo. Pa shopu ya anthu anayi sadzanyanyala, koma adzayamba kukubisirani zinthu, ndiye manambala anu adzakhala abodza kuyambira tsiku loyamba.

Akhazikeni pansi muwauze zoona zake. Mukhoza kunena motere: "Anzanga, maoda akuchedwa ndipo sindikudziwa kuti nthawi ikuthera pati. Kwa mwezi umodzi tizilemba zimene tamaliza ndi zimene zatichedwetsa. M'mwezi umenewu palibe amene adulidwe malipiro kapena kuchotsedwa chifukwa cha kopeli." Mukalonjeza choncho, sungani lonjezolo. Kenako afunseni maganizo awo pa zoti ziziwerengedwa, chifukwa amene amakhala pamakina ndiye amadziwa kuti zipi ya buluku ndi zipi ya jekete si ntchito yofanana.

Dziwaninso kuti mlungu woyamba udzakupusitsani. Anthu akadziwa kuti akuyang'aniridwa amasintha kachitidwe. Khalidwe limeneli, limene pa Chingerezi amalitcha "Hawthorne effect", linatenga dzina lake pa fakitale ya Hawthorne ya kampani ya Western Electric, pafupi ndi Chicago, pamene panachitika kafukufuku wa antchito pakati pa 1924 ndi 1932. Akatswiri amatsutsana mpaka lero za kukula kwake, koma aliyense amene anayang'anirapo anthu amachidziwa. Manambala a mlungu woyamba alembeni, koma musawadalire.

Gawo lachitatu: ipatseni ntchito iliyonse nthawi yake yoyenera

Apa ndiye pagona nkhani. Mukangowerenga zidutswa, mulakwitsa. Telala amene wafupikitsa mabuluku 60 ndi amene wasoka madiresi 6 sangayerekezedwe ndi chiwerengero chokha, monga momwe makaniko wosintha oyilo sangafanane ndi wophwasula injini. Ntchito zonse ziyenera kusinthidwa kukhala muyezo umodzi, ndipo muyezo wosavuta ndi nthawi.

Lembani mitundu ya ntchito imene imabwera kawirikawiri. Isapitirire 10 kapena 12. Zosowa muziike pamodzi pa mzere wa "zina". Pa mtundu uliwonse, yezani nthawi imene imatha kuyambira pogwira nsalu mpaka popachika chovala chomalizidwa. Yezani kasanu kapena kupitirira apo, pa masiku osiyana, ndi anthu osiyana. Chotsani nthawi imene yafupika kwambiri ndi imene yatalika kwambiri, zotsalazo mupeze avereji yake.

Musatenge nthawi ya katswiri wanu wachangu kuposa onse n'kuiyesa muyezo. Musatengenso nthawi yanu, inu eni, ya tsiku limene munasoka mofuna kuonetsa. Muyezo ukhale wa munthu wodziwa ntchito amene akugwira mwa masiku onse, liwiro limene angalisunge kuyambira Lolemba mpaka Loweruka osadwala msana. Pamwamba pake wonjezerani kanthawi kopuma, kopita kuchimbudzi, kosintha singano ndi ulusi. Gawo limodzi mwa magawo khumi ndi poyambira pabwino, ndipo ngati ntchito ndi yoimirira kapena yonyamula zolemera, wonjezerani kuposa pamenepo.

Tiyerekeze kuti mwapeza izi: kufupikitsa buluku ndi mphindi 20, malaya ndi maola 2, diresi ndi maola 3. Manambala amenewa ndi ongoyerekezera. Anu adzatengera makina anu ndi mtundu wa ntchito yanu. Alembeni papepala, mupachike pamene aliyense angawaone. Wina akatsutsa kuti diresi ya mikwingwirima yambiri singathe m'maola 3, mumvereni, muyezenso, ndipo ngati akunena zoona igaweni mitundu iwiri.

Gawo lachinayi: lembani tsiku ndi tsiku

Munthu aliyense akhale ndi tsamba lake. Jambulani mizere isanu: tsiku, maola amene anali pa ntchito, zimene wamaliza, zimene zabwezedwa, ndi nthawi yotayika pamodzi ndi chifukwa chake. Azilemba yekha asanaweruke, inu muzingotsimikizira ndi malisiti kapena buku la maoda. Zisamutengere mphindi zoposa zisanu. Amene muli ndi kompyuta mukhoza kusamutsira manambalawo mu pulogalamu yowerengetsera monga Excel kapena Google Sheets kumapeto kwa mlungu, koma kulemba koyamba kuzichitikira pomwe pali ntchitopo.

Mzere womaliza uja, wa nthawi yotayika, ndi umene ine ndimauona wamtengo wapatali kuposa yonse. M'menemo muzilowa chilichonse chimene chamuimitsa munthu osati mwa kufuna kwake: magetsi azima, ulusi wa mtundu wofunika watha, makina aduka lamba, kasitomala sanabwere kudzayesa chovala, bwana mwamutuma kubanki. Inde, ngakhale zimene mwamutuma inuyo zilembedwe. Eni mabizinesi ambiri akaona mzere umenewu kumapeto kwa mwezi amachita manyazi, chifukwa dzina limene limapezekamo kawirikawiri ndi lawo.

Gawo lachisanu: werengetsani kumapeto kwa mlungu

Musamawerengetse tsiku lililonse. Tsiku limodzi lili ndi mwayi ndi tsoka lake. Dikirani mlungu uthe, muchite masamu awa: ntchito zonse zomalizidwa muzisinthe kukhala maola oyenera, kenako mugawe ndi maola amene munthuyo anali nawo ogwirira ntchitoyo.

Tione matelala awiri, aliyense wagwira maola 45. Woyamba wasoka malaya 12 ndi madiresi 6. Malaya 12 ndi maola 24, madiresi 6 ndi maola 18, pamodzi maola 42. Tikagawa 42 ndi 45 tipeza 93 peresenti. Wachiwiri wafupikitsa mabuluku 60 ndi kusoka malaya 5. Mabuluku 60 a mphindi 20 ndi maola 20, malaya 5 ndi maola 10, pamodzi maola 30. Tikagawa 30 ndi 45 tipeza 67 peresenti.

Mukanawerenga zidutswa zokha, wachiwiri akanaoneka ngwazi, zidutswa 65 pomwe mnzake ali ndi 18. Titasintha kukhala maola, zinthu zatembenuka, ndipo dzanja layamba kuyabwa kuti mumuitane wachiwiriyo mukamukalipire. Dekhani kaye, mutsegule mzere wa nthawi yotayika. Wachiwiriyu makina ake ali pafupi ndi khomo. Kasitomala aliyense akalowa, ndiye amaimirira, kumulandira, kumuyeza, kulemba lisiti, kufunafuna chenji. Pa mlungu wonse zimenezi zamudyera maola 10. Choncho maola ake osokera anali 35, ndipo 30 kugawa ndi 35 ndi 86 peresenti.

Sizinathere pomwepo. Pa malaya 12 a woyamba uja, atatu abwezedwa: ena kolala yapotoka, ena manja sakufanana kutalika. Ntchito yobwezedwa siwerengedwa ngati yomalizidwa, ndiye tichotse maola 6 pa maola 42 aja. Patsala 36, ndipo 36 kugawa ndi 45 ndi 80 peresenti. Kuthamanga sikufika. Amene poyamba anaoneka wotsalira ndiye ali patsogolo pang'ono, ndipo mnzake wachangu uja vuto lake ndi kupupuluma, osati ulesi.

Musayembekezere 100 peresenti mlungu uliwonse. Ngati wina akuposa 100 nthawi zonse, kapena ndi katswiri weniweni, kapena muyezo wanu ndi wofewa, kapena pali pamene akudumpha. Ngati onse ali pansi pa 60, kawirikawiri muyezo ndi wokhwima kwambiri kapena maoda ndi ochepa. Munthu sangasoke chovala chimene palibe amene waitanitsa, ndipo kusowa kwa makasitomala si mlandu wa telala.

Nanga ntchito zosawerengeka ndi zidutswa?

Wosunga ndalama, wolemba mabuku a akaunti, wosesa ndi wolandira alendo satulutsa chinthu choti muchiike pasikelo. Musawakakamizire muyezo wa zidutswa. Kwa iwo funsani mafunso awiri: kodi ntchito yachitika pa nthawi yake, ndipo yachitika popanda cholakwika? Kwa wosunga ndalama, werengani masiku amene ndalama za m'kabati zagwirizana ndi malisiti. Kwa wa akaunti, onani ngati mabuku a mwezi atsekedwa pa tsiku limene munagwirizana. Kwa woyankha mafoni ndi mauthenga, onani kuti kasitomala amadikira nthawi yaitali bwanji asanayankhidwe. Wogulitsa pakauntala muzimuyeza ndi zimene wagulitsa pa ola, koma muziyerekeza Loweruka ndi Loweruka linzake, m'mawa ndi m'mawa unzake. Amene mumamuika pa nthawi yopanda anthu adzaoneka wofooka nthawi zonse.

Pali ntchito inanso imene silowa m'kope ngati simuilowetsa dala: kuphunzitsa wantchito watsopano, kukonzera mnzake makina, kuziziritsa mtima wa kasitomala wokwiya. Ipatseni malo pa mzere wa nthawi yotayika uja. Mukapanda kutero, mwezi usanathe aliyense adzaleka kuthandiza mnzake, poti chithandizo chikumutsitsira nambala.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: yang'anani kayendetsedwe ka shopu musanaloze munthu chala

Milungu inayi ikatha, phatikizani maola onse otayika a anthu onse, muwagawe malinga ndi chifukwa chake. Kawirikawiri zifukwa ziwiri kapena zitatu ndizo zimadya maola ambiri. Yambani ndi chachikulu. Ngati ndi kutha kwa zipangizo, ikani tsiku lokhazikika loodera. Ngati ndi makina amodzi osokera m'mphepete mwa nsalu amene anthu atatu amaimira pamzere, sinthani kagawidwe ka ntchito kapena ganizirani zogula ena. Ngati ndi kulandira makasitomala, munthu mmodzi akhale wa pakhomo tsiku lonse, kapena azisinthana masiku, kusiyana n'kuti aliyense azidzuka pamakina kakhumi.

W. Edwards Deming, katswiri wa ku America amene anaphunzitsa akuluakulu a mafakitale a ku Japan kuyambira 1950, ankachita sewero lina pophunzitsa. Ankaika m'bokosi mikanda yoyera yosakaniza ndi yofiira, umodzi mwa mikanda isanu iliyonse uli wofiira. Anthu odzipereka ankatunga ndi kathabwa ka mabowo 50, atauzidwa kuti atulutse yoyera yokhayokha. Wina ankatulutsa yofiira 7 n'kuyamikiridwa, wina 14 n'kudzudzulidwa, ulendo wotsatira n'kusinthana. Palibe amene anali waluso kapena waulesi. Mikanda yofiira inali kale m'bokosimo. Musanadzudzule wantchito chifukwa cha nambala ya mlungu umodzi, dzifunseni ngati simunamupatse bokosi lotere. Kumbali inayo, fakitale ya Henry Ford, wopanga magalimoto wa ku America, itayamba kusonkhanitsa magalimoto pa mzere woyenda mu 1913, nthawi yomangira thupi la pansi la galimoto inatsika kuchoka pa maola oposa 12 kufika pa ola limodzi ndi theka. Chinasintha ndi kayalidwe ka ntchito.

Onaninso maola enieniwo. Manambala akatsika, mtima umathamangira kuwonjezera nthawi yoweruka. John Pencavel wa ku yunivesite ya Stanford anaunika mu 2014 zolembedwa za anthu opanga zida m'mafakitale a ku Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anapeza kuti mpaka pa maola pafupifupi 49 pa mlungu, ntchito inkakula molingana ndi maola, koma kupitirira apo ola lililonse lowonjezera linkabala zochepa, moti zotuluka pa maola 70 sizinkasiyana kwenikweni ndi za pa maola 56. Kope lanu likhoza kukuonetsani zomwezo: yerekezani mlungu wa ovataimu ndi mlungu wamba, muone zotuluka pa ola ndi kuchuluka kwa zobwezedwa.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kambiranani ndi munthu payekha

Zotchinga zija mutazichotsa, ngati wina akadali pansi kwa milungu ingapo yotsatizana, ndiye nthawi yocheza naye. Muitaneni pa awiri, osati pamaso pa anzake kapena makasitomala. Muikireni tsamba lake patsogolo, ayambe kulankhula ndi iyeyo. Funso lakuti "Mukuona kuti chikukuchedwetsani n'chiyani?" limatulutsa zambiri kuposa "Bwanji mukuchedwa?" Mwina sanaphunzitsidwe bwino kusoka kolala ndipo amachita manyazi kufunsa. Mwina maso ayamba kuvuta ndipo pamene amakhala pali mdima. Mwina ndi ulesi ndithu, umenewonso ulipo, koma tsopano mukuutchula muli ndi umboni m'manja.

Gwirizanani chinthu chimodzi choti chisinthe ndi tsiku lodzaonanso, mulembe, nonse musaine. Zikadzafika poti munthu achenjezedwe kapena achotsedwe, tsatirani malamulo a ntchito a dziko lanu. Kope ndi umboni chabe, sililowa m'malo mwa ndondomeko ya lamulo.

Muzimuyerekeza munthu ndi mmene iye mwini analili mwezi watha. Zopachika mayina pakhoma, woyamba mpaka womaliza, ine sindizilimbikitsa pa shopu ya anthu ochepa. Anthu anayi amene amabwerekana sizasi tsiku lonse sangapirire mpikisano wotero, ndipo womaliza adzakhalapo nthawi zonse ngakhale onse atakhala akatswiri.

Za bonasi

Mukaona manambala akuyenda, mudzafuna kumangirirapo ndalama. Walira mvula walira matope. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anaona mu 1975 kuti muyezo ukangosandutsidwa chida chowongolera anthu, umaleka kunena zoona. Chitsanzo chodziwika ndi banki ya Wells Fargo ku America. Antchito ake ankapanikizidwa kuti atsegule maakaunti ambiri, ndipo mu 2016 zinaululika kuti anatsegula maakaunti ndi makhadi a ngongole pafupifupi 2 miliyoni eni ake osadziwa. Bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni, ndipo antchito pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa ntchito pa nkhaniyo. Pa shopu yanu zidzaoneka mwaung'ono: kulimbirana ntchito zosavuta, kukankhira mnzako diresi yovuta, kubisa chovala chimene chabwezedwa.

Ngati mukufunabe kupereka bonasi, dikirani miyezi itatu kuti muyezo ukhazikike. Iziwerengedwa pa ntchito yosabwezedwa yokha, ndipo gawo lina lizitengera zimene shopu yonse yachita, monga maoda otuluka pa tsiku lake, kuti wa pakhomo ndi wosita nawonso apezepo kanthu.

Nambala ya bizinesi yonse

Kamodzi pa mwezi siyani za munthu mmodzimmodzi, muone shopu yonse. Tengani ndalama zonse zimene mwagulitsa, muchotse zimene mwagulira zipangizo monga nsalu, ulusi ndi mabatani. Zotsalazo mugawe ndi maola onse amene agwiridwa, kuphatikizapo anu, ngakhale simudzilipira. Nambala imeneyo ndi ndalama imene ola limodzi la ntchito likubweretsa. Iyerekezeni ndi zimene ola limodzi likukutengerani pa malipiro. Mpata wa pakatipo ndi umene umalipira lendi, magetsi, kukonzetsa makina ndi phindu lanu. Zimachitika kuti antchito onse ali pa 90 peresenti koma mpatawo ndi wopyapyala. Zikatero vuto lili pa mitengo yanu, ndipo nthawi zoyenera zimene munayeza pa gawo lachitatu zija zikuthandizani kuona ntchito imene mukuigulitsa motchipa kuposa maola amene imadya.

Mwezi woyamba ukatha sikofunika kupitiriza kulemba zonse mpaka kalekale. Sungani mizere iwiri ya tsiku ndi tsiku, ya zomalizidwa ndi ya zobwezedwa. Kulemba kwathunthu, ndi nthawi yotayika yomwe, muzikubwereza kwa milungu iwiri pa miyezi itatu iliyonse, komanso nthawi iliyonse imene mwagula makina atsopano, mwasamuka malo kapena mwayamba mtundu wina wa ntchito. Pamenepo nthawi zoyenera zakale zija zimakhala zatha ntchito, ndipo pepala la pakhoma lija liyenera kuyezedwanso ndi kulembedwa mwatsopano.